Kope la Msungichuma

Gawo 4

M'gawo lapitali: Amalawi okhala ku Photsaneng, pafupi ndi Rustenburg, adasonkha ndalama zothandizira abale awo amene namondwe wa Freddy adawagwetsera nyumba ku Chilobwe mu Malichi 2023. Patha miyezi itatu, koma lipoti la chuma silikuoneka.

Lamulungu masana tidasonkhana kuseri kwa zipinda zathu za lendi, tikuothera kadzuwa ka Juni, nsanja ya mgodi wa pulatinamu itati njo chapatali. Mipando idachepa, enafe tidakhalira makeleti.

A Tcheya adayendetsa foni yawo m'manja mwa anthu. "Dzionereni nokha, abale anga. Ufa, mabulangete, zidebe, zonse zidafika."

Foni itandipeza, mtima udagunda. Pa chithunzi chachitatu padali mayi anga, thumba la ufa lili pamutu, akumwetulira mokakamiza. Dzulo lake lomwelo adali atandiuza kuti: "Adatijambula, mwanawe, kenaka thumba lija adalikwezanso m'galimoto. Akuti adzabweranso."

Ndisadatsegule pakamwa, adaimirira madala ena a ku Mulanje, amene akalambira pansi pa mgodi.

"A Tcheya, mundikhululukire. Mu 2014, pa sitalaka ya miyezi isanu ija, a Gift of the Givers adabwera ndi chakudya ku Marikana. Tidachigwira ndi manja, ana athu adakhuta. Chithunzi sichiphikidwa. Konkuno ku Joni, ndalama za Lotto zomangira nkhalamba pokhala zidathera m'nyumba zapamwamba za anthu, mpaka Pulezidenti Ramaphosa adatuma a SIU, ofufuza za katangale, mu 2020 kuti afufuze. Bungwe lolembetsedwa kuboma limapereka lipoti la chuma chaka ndi chaka. Nanga ife, R200 yathu ija, malisiti ake ali kuti?"

"Ndiye mukuti ndine wakuba, madala?"

"Sindidatero. Ndangofunsa malisiti."

Maso onse adatembenukira kwa amayi osunga chuma. Iwo adangowerama, akupotokola nsonga ya chitenje chawo. A Tcheya adayankha m'malo mwawo: "Kope lidanyowa ndi mvula." Mnyamata wina adaseka, chifukwa kuno mvula idasiya kalekale. Msonkhano udatha popanda pemphero.

Usiku, ndikutenthetsa ndiwo pa chitofu cha parafini, ndidamva kugogoda kwapansipansi. Adali amayi aja, atafungatira kanthu m'chitenje.

"Achimwene, tsekani chitseko. Ine ndine mayi wa mvano, sindingafe ndi bodza la munthu wina."

Adatulutsa kope lachikuto chakuda, louma gwa. Tidayandikira kandulo. Mayina onse adalimo, aliyense ndi chopereka chake: alonda, osoka zovala, atsikana a m'masaluni, ngakhale mwini nyumba wathu, Mtswana, amene adapereka atangoona matope a phiri la Soche pa wailesi yakanema. Kumapeto kwa kope adamatako malisiti anayi otumizira ndalama kumudzi.

"Werengani dzina la wolandira," adatero monong'ona.

Ndidawerenga, ndikuwerenganso. Lidali dzina la mng'ono wanga weniweni, yemweyo amene amandililira pafoni kuti akugona m'kalasi, alibe ndi bulangete lomwe.

"Musafulumire kulira, achimwene. Onaninso wotumiza."

Dzina langa. Nambala ya pasipoti yanga. Pamenepo ndidakumbukira tsiku limene a Tcheya adabwereka pasipotiyo, ati akukalembetsa mamembala a komiti, poti ine ndidali mlembi.

Panja padamveka galimoto ikuima, zitseko ziwiri zikumenyetsedwa. Amayi aja adazimitsa kandulo ndi zala.

"A mlembi!" Adali mawu a Tcheya, odekha ngati a m'busa. "Tsegulani. Ndabwera ndi alendo, akufuna munthu amene adatumiza ndalama zathu."

Kope lidali m'manja mwanga, ndipo chipinda changa chilibe zenera.

Ipitirira sabata yamawa.