Kumapiri a Dambe chakudya chilipo, vuto ndi njira

Tsiku limene ndinalandira kalata yonditumiza kukaphunzitsa kumtunda kwa Neno, mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji ya Domasi anandifunsa ngati pali wamkulu wina amene ndinamuponda chala. Tinaseka. Nditafika pa boma, mnyamata wa njinga yamoto amene anandinyamula anamanga chikwama changa ndi mphira, n'kundiyang'ana nsapato, kenaka anati: "Aphunzitsi, mwabwera kudzakhala kapena kudzangoona?" Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi ndili kuno, ndipo funso limenelo sindinaliyankhebe bwinobwino.

Kwa amene sakudziwa, Neno ndi boma limene linapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu opitirira 138,000. Bomali lili pawiri. Kumunsi, cha ku Zalewa ndi Lisungwi, n'kotentha, kwa milambe ndi mbuzi. Kumeneko n'kumene apaulendo amakuonera pa windo la basi n'kumati Neno akuidziwa. Kumtunda ndi dziko lina. Ndi mapiri a Kirk Range, amene anatchedwa dzina la John Kirk, mzungu amene ankayenda ndi David Livingstone. Mudzi umene ndikukhala uli m'dera la Mfumu Yaikulu Dambe, kufupi ndi malire a Mozambique. Dzina lake ndalisunga dala, chifukwa ndi mudzi waung'ono moti aliyense amene ndingamunene pano angadziwike msanga.

Choyamba kukulonjera kuno ndi chisanu. Ine ndinakulira kuchigwa, kumene bulangete limakhala la alendo. Kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu imatha kukuta mudzi mpaka dzuwa kufika pamutu, mvumbi uli waa, osaona ngakhale mbendera ya pasukulu. Ana amafika m'kalasi milomo itauma, manja atakwinyika, moti pa phunziro loyamba kulemba kumavuta. Ndinasiya kuwakalipira pa nkhani ya malembedwe a m'mawa nditayesa ndekha kugwira choko ndi zala zozizira.

Koma chisanu chomwechi ndicho chuma cha kuno. Mbatata ya kachewere imene mumadya tchipisi chake m'misika ya ku Blantyre, ina imachokera m'mapiri ano. Kuno amalimanso tirigu, mbewu imene Amalawi ambiri sanaionepo ili m'munda. Amafesa mvula ikamapita kumapeto, n'kudzamweta m'chilimwe, ndipo kupuntha kwake n'kwa manja, ndi ndodo, pabwalo lozira. Kuli nyemba, kabichi, anyezi, mapichesi. M'madimba a m'zigwa madzi satheratu, ndiye mlimi wakhama amakumba mbatata kawiri, mwina katatu pa chaka. Chichokereni kwathu sindinagonepo ndi njala. Nthawi yokolola ukabwera kuchokera kusukulu umapeza ndowa ya mbatata pakhomo, osadziwa n'komwe amene wasiya.

Ndiye munthu angafunse kuti ngati zili choncho, bwanji nyumba zambiri zikadali zofolera ndi udzu, ndipo bwanji theka la kalasi langa limafika pakati pa teremu lisanamalize zofunika kusukulu?

Ndinakhalapo tsiku lina pamunda wa bambo wina woyandikana nane, venda atabwera ndi lole. Mbatata si chimanga choti ungaike m'nkhokwe n'kudikira mtengo ukwere. Ukaikumba, masiku ake ndi owerengeka, makamaka ngati yakhudzidwa ndi chiwawu kapena yabayidwa ndi khasu. Venda amadziwa zimenezi. Amadziwanso kuti lole ina siibwera sabata imeneyo. Amabwera ndi matumba ake, osati anu, ndipo thumba lake ndi losokerera pamwamba, lalitali ngati munthu, koma limawerengedwa kuti ndi limodzi. Sikelo palibe. Bambo aja atayesa kukana mtengo, venda sanakwiye. Anangoti: "Madala, mwauona msewu umene ndadutsa? Sipuling'i ikathyoka mundigulira ndinu?" Anagulitsa. Madzulo ake tinakhala pansi n'kuwerengetsa feteleza, mankhwala opopera ndi aganyu. Zimene zinatsala sizikanakwana ngakhale malata asanu.

Sindikufuna kunamizira venda kuti ndi mfiti. Naye amaika galimoto yake pachiswe, ndipo ndinaonapo lole itagona chammbali pa chitunda china, mbatata zili mbwee mpaka kumtsinje. Koma mtengo wa kuipa kwa msewu amalipira ndi mlimi, pomwe wogula tchipisi m'tauni sadziwa n'komwe.

Nkhani ya msewu wa Tsangano-Neno-Mwanza aliyense kuno amaidziwa pamtima. Yakhala ikutchulidwa pa misonkhano ya ndale kwa zaka zambiri, ndipo ana anga a Fomu 2 amatha kuitchula ngati pemphero. Msewu umenewu ndi wofunika, sindikutsutsa. Koma ndinene maganizo anga, ngakhale ena sawakonda: phula litati lathiridwa lonse mawa, mudzi wathu ukhalabe pa mtunda wa maola awiri wapansi kuchoka pamsewu waukulu. Chimene chimatitsekera ife ndi timisewu ta m'midzi ndi timilatho ta mitengo. Pali kamtsinje kena kamene m'chilimwe mwana amakadumpha, koma mu Januwale kamaimitsa mudzi wonse masiku atatu. Kamlatho ka simenti pamenepo sikangadye ndalama zimene zimadyedwa ndi kilomita imodzi ya phula, koma palibe amene angabwere ndi gulu la atolankhani kudzadula riboni pa kamlatho.

Pa kamtsinje kameneka ndi pamene ndinaonera zakuda mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe wa Ana. Amayi oyembekezera kuno amalangizidwa kuti masiku akayandikira azikakhala kuchidikiro, ndipo ambiri amapitadi. Koma mayi wina wa pafupi ndi sukulu matenda anamuyamba kutatsala milungu ingapo, usiku, mvula ikukhuthuka. Anabwera kudzagogoda kwa ine chifukwa ndili ndi tochi yowala komanso foni. Foniyo inalibe ntchito, poti netiweki kuno imapezeka pa chulu china pamwamba pa phiri, ndipo ngakhale tikanaimba, palibe galimoto imene ikanafika. Tinapanga machira ndi nsungwi ziwiri ndi bulangete. Tinali amuna asanu ndi atatu, kumalandizana anayi anayi, amayi awiri akutsatira ndi zitenje ndi beseni. Pa kamtsinje paja madzi anali m'chiuno. Mkulu wina anatsogola ndi ndodo, akufufuza miyala, ife tikukweza machira pamapewa. Tinafika kuchipatala kukuyera. Mwanayo ali moyo, ndi wamkazi, ndipo akandiona amathawa chifukwa amayi ake amamuuza kuti ndine amene ndidzamukwapule akadzafika ku sekondale.

Akuluakulu a kuno amati zimenezi n'zochepa poyerekeza ndi kale. Chipatala cha Dambe chinatsegulidwa mu 2016, mothandizidwa ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lakhala likugwira ntchito ndi boma m'Neno kuyambira 2007. Chisanabwere, ulendo wa machira unali wotalika kuposa pamenepa. Masiku ano kuli anthu a m'mudzi momwemo amene amayendera mabanja, kukumbutsa odwala za mankhwala ndi kuona ana. Agogo ena odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale akanangoti alodzedwa, ali ndi mabuku awo a kuchipatala ndipo amadziwa tsiku lawo. Pamene zayenda bwino tiyenera kunena.

Kusukulu ndiko mtima wanga umawawa kwambiri, mwina chifukwa ndiko ndimakhala. Yathu ndi sekondale yoyendera. Ine ndinaphunzira kuphunzitsa Biology ndi Agriculture, koma ndaphunzitsapo Chichewa, Life Skills, ngakhale Geography, chifukwa mphunzitsi akatumizidwa kuno kawirikawiri amangofika, kuona, n'kubwerera kukadandaula. Wina anafika Lachisanu, Lolemba tinapeza chitseko chili pululu, atasiya ndowa ndi mphasa. Sindimuweruza. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, magetsi kulibe, ndipo kukatapa malipiro kumadya tsiku lathunthu ndi gawo la malipiro omwewo. Chodabwitsa n'chakuti mtsinje wa Shire, umene umapukusa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani, umadutsa m'malire a boma lathu lomweli. Ife timachonga mayeso ndi kanyale ka sola.

Ana anga amalemba mayeso a MSCE omwewo amene amalemba mwana wa ku Blantyre kapena ku Zomba. Funso likamanena za maikulosikopu, iwo amakumbukira chithunzi chimene ndinajambula pa bolodi. Koma tikafika pa phunziro la matenda a mbewu, ndimakhala pansi ndine. Mtsikana wina wa Fomu 3 anandifotokozera kusiyana kwa chiwawu ndi kufota kwa mbatata bwino kuposa buku, mpaka kundiuza kuti mbewu yobwerezabwereza ndiyo ikuchepetsa zokolola kumunda kwa amayi ake. Mtsikana ameneyu amayenda maola awiri kubwera kusukulu. Anzake ena amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha, ndipo kumeneko n'kumene timataya ambiri. Mwana wa zaka 15, ufa wamuthera, kwawo n'kutali, ndiye pabwere mnyamata wa njinga yamoto ali ndi ndalama m'thumba. Teremu yotsatira desiki yake imakhala yopanda munthu.

Anyamata nawo ali ndi chowakoka chawo. Malire a Mozambique kuno si mpanda, ndi njira yapansi chabe, ndipo mbali zonse ziwiri kuli abale, chilankhulo n'chimodzi, maliro timayenderana. Kutsidyako kuli minda ikuluikulu ya mbatata yofuna aganyu. Mnyamata akapita tchuthi chimodzi n'kubwera ndi foni ndi jekete, anzake atatu sabweranso kusukulu. Ndinayesapo kulankhula ndi bambo wa mmodzi mwa iwo. Anandimvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja, kenaka anati: "Aphunzitsi, inu munaphunzira, koma mbatata mukudya ndi zanga. Mwanayu ndimuuze kuti chiyani?" Ndinaseka nawo, koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Si kuti anthu angokhala manja lende kudikira boma. Chaka chilichonse mvula ikatha, nyakwawa imamema mudzi kukakonza msewu ndi makasu, ndipo amene sanapite amalipa nkhuku. Njerwa za chipinda chathu cha Fomu 4 anaumba ndi makolo. Chimene ndimawadandaula nacho n'chakuti pa malonda aliyense amayenda yekha. Alimi khumi atagwirizana kukumba sabata imodzi, kugula sikelo yawo ndi kubwereka lole limodzi, venda sakanabwera ndi thumba lake losokerera. Tinayesapo. Zinayenda chaka chimodzi, chachiwiri msungichuma anasamukira kutsidya ndi ndalama za gulu, ndipo kuyambira pamenepo ukangotchula mawu oti gulu anthu amayang'ana pansi. Chaka chino ayambanso amayi okhaokha, asanu ndi awiri, ndipo ndalama akusunga pa foni, nambala yachinsinsi ataigawana pakati pa anthu awiri. Andipempha kuti ndiziwalembera mabuku, ndipo ndavomera.

Ndavomera ngakhale kuti m'kabati mwanga muli fomu yopempha kusamuka, yolembalemba kale, yongosowa siginecha ya ahedi. Mkazi wanga ndi mwana wathu amakhala ku Lunzu, kumene mayiyo ali ndi kagolosale. Tinagwirizana kuti kuno ndikhala zaka zitatu. Zadutsa zisanu. Mwanayo akuyamba Sitandade 1, ndipo mwezi watha pa foni anandifunsa ngati kumapiriko ndili ndi ana ena. Ndinamuyankha kuti ndili nawo ambiri, amayi ake n'kulanda foni kuti ndifotokoze bwino.

Ahedi akudziwa za fomuyo. Sanandiletse. Anangondikumbutsa kuti ndikachoka, Biology ya Fomu 3 ndi Fomu 4 ikhala yopanda munthu mpaka atapezeka wina wovomera kukwera phiri, ndipo tonse tikudziwa kuti zimenezo zimatenga nthawi yotani. Mtsikana wa chiwawu uja alemba mayeso chaka chamawa. Akufuna kukaphunzira zaulimi ku Bunda.

Dzulo madzulo ndinakwera ku chulu cha netiweki kuti ndikaimbire kunyumba. Ndinapezako anthu asanu ali chiimire, aliyense foni m'mwamba, wina akukambirana ndi venda wa ku Blantyre za mtengo, wina akufunsa za m'bale wake amene ali m'chipatala. Agogo ena aakazi anandipatsa kapepala kolembapo nambala ya mwana wawo wa ku Johannesburg kuti ndiwaimbire, poti maso awo saonanso manambala. Titatha anandifunsa kuti: "Mwanangu, ndamva kuti mukutithawa, n'zoona?" Ndinawauza kuti sindinaganize bwino. Anati ndikaganiza ndiwauziretu, kuti akumbe mbatata zoti ndikapatse apongozi awo ku Lunzu. Kenaka foni yanga inalira, anali mayi a kunyumba, ndipo ndinasunthira kuseri kwa chulu kumene mawu amamveka bwino.