Dzimbiri lobisala m'tsigiro la boti la faibala

MILANGE: Boti la faibala silidyedwa ndi chiswe, siliola ngati la matabwa, ndipo akalipaka penti watsopano limaoneka ngati latuluka dzulo m'fakitale ngakhale litakhala la zaka 30. Ichi ndi chimene chimapusitsa ogula. Munthu amazungulira boti, nagogoda m'mbali, naona kuti silikuchucha, basi nkupereka ndalama. Tsigiro, lomwe pa Chipwitikizi amati leme, saliyang'ana nkomwe. Chonsecho tsigiro ndilo limatembenuza boti pamadzi, ndipo ndi m'kati mwake momwe dzimbiri limakonda kubisala.

Wina afunsa kuti nkhani ya maboti ikuwakhudza bwanji anthu a m'munsi mwa phiri la Tumbine, omwe chuma chawo ndi chimanga, nandolo ndi njinga. Yankho lili m'mbale ya ndiwo. Matemba, makumba ndi milamba yambiri yodyedwa m'dera lino imachokera ku nyanja ya Chilwa, yomwe kuno amaitchanso Chirua, ndipo abale ambiri amapita kumeneko kukapha nsomba kapena kukapikula. Komanso palibe amene waiwala Marichi 2023, pamene namondwe Freddy adalowera kufupi ndi Quelimane nkudzaza mitsinje ya Ruo ndi Muloza, kuwononga midzi mbali zonse ziwiri za malire. Masiku amenewo boti lidali nkhani ya moyo ndi imfa. Choncho amene akusonkhetsana ndalama kuti agule boti lakale ku Quelimane, ku Metangula kapena ku Mangochi, makamaka loyendera thanga, ayenera kudziwa chimene akugula.

Maboti a faibala adayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo ambiri a nthawi imeneyo akadali pamadzi. Tsigiro lake limapangidwa motere. Pakati pali ndodo yachitsulo yochokera m'boti kutsika m'madzi. Kumtunda kwake kuli mpini wogwira woyendetsa. Kumunsi, pa ndodoyo amawotchererapo timapale tachitsulo tiwiri kapena titatu, totambalala ngati nthiti. Zonsezi amazikuta ndi zikamba ziwiri za faibala zomatidwa pamodzi, ndipo mpata wotsala m'kati amaudzaza ndi siponji yolimba. Munthu akakankha mpini, ndodo imatembenuka, nthiti zija zimakankha siponji ndi zikamba, boti nkukhota. Mphamvu yonse imadutsa pamalo owotcherera paja, malo omwe diso silingaone.

Madzi amalowera pakhosi, pamene ndodo ikulowa m'faibala. Chitsulo ndi faibala sizifutukuka mofanana dzuwa likatentha, ndiye pakapita zaka pamatseguka kampata kopyapyala ngati tsitsi. Nkokwanira. Madzi akalowa satulukanso, siponji imawamwa nkuwasunga.

Tsono apa pali chinthu chomwe ngakhale amisiri ena sachikhulupirira. Ndodo ija kawirikawiri imakhala ya chitsulo choyera chotchedwa inox, chonga cha masipuni ndi mapoto abwino, chomwe anthu amati sichichita dzimbiri. Chimachita. Inox imadziteteza ndi kakhungu kosaoneka ndi maso, komwe kamapangika kromiyamu wa m'chitsulocho akakumana ndi okosijeni wa mumpweya. Kakhunguko kakakandika pamalo popita mpweya, kamameranso kokha. Koma m'kati mwa tsigiro lonyowa mulibe mpweya. Madzi ongokhala phee, makamaka amchere, amadya kakhungu kaja, nkuyamba kuboola timaenje tozama m'chitsulo. Kunja ndodo imakhala ikuwala bwinobwino, pamene pakhosi penipeni, chala chimodzi kulowa m'kati, yadyeka ngati chinangwa chofumbwa. Opanga ena akale adachita zoipirapo: ndodo adaika ya inox koma nthiti za chitsulo wamba, poganiza kuti madzi sadzafikako.

Ku Chilwa vutoli limakula msanga kuposa ku nyanja ya Niassa. Mitsinje monga Phalombe, Likangala, Domasi ndi Sombani imathira madzi m'nyanjayi koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa lokha, mchere nkutsala, ndipo nyanja ikamaphwera mcherewo umanka nuchuluka. Nyanjayi ndi yosayanso, mamita ochepa chabe, kotero tsigiro lalitali limakhula pansi kawirikawiri ndipo zikamba zimang'aluka m'mphepete. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka, maboti ali gone pamatope pa doko la Kachulu. Boti lomwe lakhala miyezi chotero, madzi amchere ali m'mimba mwa tsigiro, dzuwa likuwotcha kunja, silibwerera m'madzi monga lidaliri.

Tsigiro lodwala silichenjeza. Pamadzi abata limagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Limadikira tsiku lomwe mphepo yakuntha, mafunde akumenya cham'mbali, boti ladzaza madengu ndi anthu, woyendetsa wakankha mpini ndi mphamvu zake zonse. Pomwepo mowotcherera muja mumathyoka. Mpini umapepuka m'manja, ukuyenda uku ndi uku, koma kunsi tsigiro silikumvera. Boti limatembenukira mbali ku mafunde, ndipo ngati thanga lili m'mwamba, kugubuduka sikuchedwa.

Kuyeza kwake sikulira makina. Choyamba boti lituluke m'madzi, likhale pamitengo tsiku limodzi kapena awiri. Thupi lonse likauma, yang'anani tsigiro. Ngati pali malo amene akunyowabe, kapena madontho akutsika kunsi kwake, m'kati muli madzi. Mizere yofiirira yochokera pakhosi kapena mumsoko wa zikamba ndi dzimbiri lomwe likudziulula lokha. Wogulitsa akakana kuti boti litulutsidwe, kapena tsigiro lokha likaoneka kuti lapakidwa penti sabata yomweyo pamene boti lonse ndi lofwifwa, wogula adzifunse chifukwa chake.

Kenaka tengani kahamala kakang'ono kapena mpini wa sikuludiraiva, mugogode tsigiro lonse pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Pabwino pamalira kuti ngwe ngwe. Pamene faibala yalekana ndi siponji, kapena siponji yavunda, pamalira kuti phu phu, ngati dzungu loola m'kati. Malo oterowo azungulizidwe ndi choko kapena khala.

Kuyeza kwachitatu ndiko kofunika koposa, ndipo kumalira anthu awiri. Mmodzi agwire mpini zolimba, kapena aumange ndi chingwe kuti usasunthe. Wina apite kunsi, agwire tsigiro kumapeto kwake, alikankhe kumanja ndi kumanzere ndi mphamvu. Liyenera kukana. Likasuntha mpini uli chiimire, kapena likamalira m'kati, nthiti zalekana kale ndi ndodo. Boti limenelo lisanyamule munthu. Aligwedezenso kutsogolo ndi kumbuyo kuti aone ngati ndodo ikuseweramo m'chibowo chake, popeza mabushi omwe imazunguliramo nawonso amatha.

Mwini boti, kapena wogula amene waloledwa, angathe kuboola kabowo kakang'ono kunsi kwenikweni kwa tsigiro. Pakatuluka fumbi louma, nkhani ndi yabwino ndipo kabowoko katsekedwe ndi resina. Pakatuluka madzi oyera, tsigiro liyenera kuumitsidwa ndi kumatidwa pakhosi. Koma pakatuluka madzi ofiira kapena akuda, onunkha ngati viniga, palibenso kuchitira mwina, liyenera kutsegulidwa.

Kukonza kwenikweni kumayamba ndi kulitsitsa m'boti. Nthawi zina pamafunika kukumba dzenje pansi pake kuti ndodo ipeze potulukira. Mmisiri amadula zenera mbali imodzi yokha ya tsigiro, mbali inayo nkuisiya kuti isunge maonekedwe ake. Siponji yonse yonyowa imakokoledwa mpaka chitsulo chioneke. Akachipukuta, ayang'ane mowotcherera monse ndi pakhosi paja. Dzimbiri la pamwamba chabe limachoka ndi sandipepala. Timaenje tozama pandodo, kapena mng'alu ngakhale waung'ono, ndiye kuti ndodoyo yatha ntchito. Kuthira wotcherera pamwamba pa maenje nkungobisa bala, chifukwa ndodo idzathyokera pomwepo.

Pogula chitsulo chatsopano, maginito ndi mboni yosanama. Chitsulo wamba chimakoka maginito mwamphamvu, pamene inox yoyenera pamadzi siikoka, kapena imangokoka pang'ono. Mwa mitundu iwiri yodziwika, ya nambala 304 ndi ya nambala 316, yachiwiriyi ndiyo imapirira mchere, ngakhale ndi yodula. Nthiti nazo zikhale za mtundu womwewo, ndipo ndodo zowotcherera zikhale za inox. Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera. Mmisiri wowotcherera mageti ndi makaliyala a njinga angakhale waluso ndithu, koma akagwiritsa ndodo zake za masiku onse, msokowo udzachita dzimbiri chaka chisanathe. Kuli bwino kukwera nacho chitsulocho mpaka ku Mocuba, ku Quelimane kapena ku Blantyre kusiyana nkuchitengera pafupi chifukwa cha mtengo wa ulendo.

Zotsalazo ndi ntchito yofuna kudekha. Zikamba ziume kotheratu, pamthunzi popita mphepo, ngakhale zitatenga masabata. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo yabwino, popeza resina simvana ndi chinyezi. Mpata udzazidwe ndi siponji yatsopano yosamwa madzi, osati ya matiresi. M'mphepete mwa zenera mupalidwe mopendekeka, motambalala kakhumi ndi kawiri kuposa kuchindikala kwa faibala, kuti nsalu zatsopano zipeze pogwira. Nsaluzo ziikidwe imodzi pamwamba pa inzake, iliyonse itanyowa bwino ndi resina, popanda thovu la mpweya lotsalira. Resina ya epoxy imagwira faibala yakale kuposa ya polyester, koma yopezeka msanga ndi ya polyester. Iyi amaisakaniza ndi timadzi toumitsira tochepa kwambiri, magawo 1 kapena 2 pa 100 alionse. Kuthira tambiri kuti iume msanga kumaitenthetsa nkuichititsa kung'aluka. Timadziti ndi toopsa, dontho limodzi m'diso lingachititse khungu, ndipo botolo lake lisakhale pofikira ana. Popala faibala, mphuno ndi pakamwa zitsekedwe. Pomaliza, pakhosi paja pasemedwe kangalande kozungulira ndodo, kadzazidwe ndi phala lomatira lomwe likauma limakhala lofewa ngati labala, kuti chitsulo chikamafutukuka mpata usatsegukenso.

Maboti ang'onoang'ono ambiri ali ndi tsigiro lokoleka kumbuyo pa mahinjesi awiri ngati chitseko. Awa savuta kuyeza, koma mabawuti ake azimasulidwa chaka ndi chaka, chifukwa amadyeka pakati pomwe abisika m'faibala, mutu uli bwinobwino. Eni maboti a injini, omwe alibe tsigiro, asaganize kuti apulumuka. Khoma lakumbuyo lomwe injini imakhalapo nthawi zambiri limakhala ndi pulaiwudi m'kati, ndipo madzi olowera m'mabowo a mabawuti amaioletsa chimodzimodzi. Mukatukula mwendo wa injini nkuugwedeza, khomalo lisapindike.

Ngakhale tsigiro litakonzedwa, m'boti muzikhala nkhafi yaitali ndi chingwe. Tsigiro likafa pakati pa nyanja, thanga litsitsidwe msanga, nkhafi imangidwe kumbuyo, ndipo imeneyo ndiyo iwongolere boti mpaka kugombe.