Ana a ku Misuku apatseni chitunda chawo

Ku Coney Island, mumzinda wa New York, kuli kasitima kosangalatsa anthu kotchedwa Cyclone, komwe kakhala kakuthamanga panjanji yamatabwa kuyambira 1927. Kalibe injini. Tcheni chimakakokera m'mwamba mamita 26, kenako kamangotsetsereka kokha, okwera ali kukuwa.

Ana a kumapiri a Misuku kuno ku Chitipa nzeru imeneyi anaitulukira kalekale. Amakhoma njinga yamatabwa, n'kuikankhira pachitunda, basi liwiro mtondo wadooka! Buleki ndi chidendene.

Chimandiopsa ine n'choti njanji yawo ndi msewu womwewo wodutsa njinga zamoto ndi malole onyamula khofi. Mafumu ndi akhonsolo, simungapatule chitunda chimodzi n'kuchisalaza kuti ana azitsetserekapo kopanda galimoto? Zitunda ku Misuku ndiye sizisowa.