Gogo wosokera usiku si mfiti

Nthawi ndi nthawi timamva kuti gogo wina wapezeka mbandakucha pamphambano, ali chibadwire, sakudziwa komwe wachokera. Anthu asanamufunse n'komwe, mlandu watha kale: "Wagwa m'ndege ya ufiti." Basi, miyala iyambe.

Bodza limeneli latikwana. Zomwe zimachitika m'mutu mwa gogoyo madokotala anayamba kuzifotokoza mu 1906, pomwe Alois Alzheimer wa ku Germany anaunika ubongo wa mayi wina amene ankaiwalaiwala mpaka kumwalira. Mu ubongo mumaunjikana mapuloteni owonongeka, ndipo amapha maselo pang'onopang'ono. Kawirikawiri mbali yoyamba kugwidwa ndi hippocampus, yomwe imasunga zinthu zongochitika kumene. N'chifukwa chake gogo amalumbira kuti sanadye pamene mbale ya nsima ikadali pamkeka, koma nyimbo za pachinamwali chake akuimba osaphonya. Matenda akakula, munthu sazindikiranso malo ngakhale nthawi, ndipo ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa. Gogo amatuluka kupita kuchimbudzi, njira yobwerera n'kumusokonekera, n'kuyenda usiku wonse kufunafuna mudzi umene anakulira. Gulu likamuzinga ndi kumukalipira kuti "Ndiwe mfiti eti?", iye amangovomera. Kodi wodwala chotere angakane chiyani?

Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalaiwala ngati amenewa, otchedwa dementia, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Ku Netherlands anatsegula mudzi wa Hogeweyk mu 2009, momwe odwalawa amayenda momasuka, kugula m'sitolo ndi kukameta tsitsi, owasamalira ali pafupi. Kumeneko palibe amene amanena za lichero louluka.

Kuno kwathu, mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno atanamiziridwa kuti ndiwo analenga mphenzi yomwe inapha mtsikana wina. Chonsecho lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Mankhwala ochiziratu kulibe, koma chithandizo chilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Nthawi zina kuiwalako kumachokera ku matenda a kukhumudwa, omwe amachizika. Agogo anu akayamba kusokera, pitani nawo kuchipatala, osati kwa sing'anga wamaula.