Onyamula Mafunso M'tsinde mwa Phiri la Mulanje

Mwa zinthu zonse zimene mnyamata wochita kafukufuku amanyamula m'chikwama potsika pa kabaza ku Chitakale kapena ku Limbuli, chimene chimandigwira mtima si tabuleti yolembamo mayankho, kapena kalata ya kwa bwanamkubwa yokaonetsa kwa nyakwawa, koma mtanda wa sopo. Pakuti sopoyo ndiye thokozo lonse la mayi amene wasiya khasu m'munda nakhala pamkeka kufikira dzuwa paliwombo, kuyankha za sukulu ya ana ake, za chakudya cha dzulo, ndi za m'nyumba zimene angakhale mlamu wake sazidziwa.

Kafukufuku ali ndi mitundu yake, ndipo eni ntchitoyi amaisiyanitsa poyang'ana kulemera kwa goli limene uliwonse umawasenzetsa. Wopepuka ndi wonga kalembera wa mu 2018 wa National Statistical Office ya ku Zomba: wafika, wafunsa, wapita, pakuti mlendo ndi mame. Alipo wokhala chete kumbuyo kwa kalasi kulemba zochita za mphunzitsi, ndi wina woyesa mwana kuwerenga mawu pa mphindi imodzi. Wolemerapo ndi wolondola anthu omwewo zaka zambiri, monga umene University of Pennsylvania inayamba mu 1998 ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Ndipo wotere akachitika kuno, wofunsa amakhala mlenje, kufunafuna mtsikana amene anasiya sukulu nakwatiwa kutsidya kwa Muloza, ku Milange.

Komatu wopweteka koposa ndi wa maere, woyerekeza gulu lopatsidwa chinthu ndi gulu lomanidwa. Nzeru yake ndi yakale ndithu, popeza Danieli wa m'Baibulo ndi anzake anadya zamasamba masiku 10 kuti nkhope zawo ziyerekezedwe ndi za anyamata odya chakudya cha mfumu. Ndipo akatswiri a tiyi ku Mimosa amathira feteleza m'ndime ina, ina naisiya, kuti aone kusiyana kwa masamba. Tiyi salira akamanidwa, koma munthu ali ndi pakamwa. Ochita kafukufuku Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler anagawa madera 176 a boma la Zomba mwa maere: mu 2008 ndi 2009 atsikana ena analandira ndalama mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati akupita kusukulu, ena anazilandira popanda lamulo lililonse, ndipo ena sanalandire kanthu, kuti akhale muyeso woonerapo anzawo. Zotsatira zake zinamveka m'maiko ambiri: ndalama za lamulo zinasunga atsikana ambiri m'kalasi, pamene zopanda lamulo ndizo zinachepetsa mimba ndi maukwati a ana. Popanda gulu lomanidwa lija palibe akadadziwa zimenezi. Tsono amene amabwerera kumudzi womanidwa, chaka ndi chaka, ndi mafunso omwewo ndi sopo yemweyo, si mphunzitsi wamkulu wa ku yunivesite ayi, koma mwana wa mnzathu wa satifiketi ya Fomu 4.

Iye ndiye amamva mawu amene sadzalembedwa m'lipoti. Agogo amamuuza kuti: "Mwanawe, munatilemba mayina chaka chatha, nanga thandizo lija lili kuti?" Amfumu amafunsa chifukwa chimene mudzi wa kutsidya kwa mtsinje unasankhidwira, ndipo akayankhidwa kuti ndi maere amaseka, poti kwathu kuno chinthu chabwino sichigwa pamalo popanda amene wachikokera. Ofunsawo amati chovuta pa ntchito yawo ndicho kunena kuti "sindikulonjeza kanthu" pamaso pa munthu wanjala. Ena amati amaopa kulowa m'mudzi amfumu asanawalandire, ndipo manthawo ali ndi chifukwa, pakuti mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake.

Malipiro ake ndi a ganyu: milungu ingapo ya alawansi imene imathera pa malo ogona, nsima ndi kabaza, kenaka miyezi ya kudikira foni. M'kusowa kotere ndimo mumabadwa yesero limene Crystal Biruk analilemba m'buku lake la mu 2018, Cooking Data, lakuti munthu wotopa akhale pansi pa mtengo naphike yekha mayankho a khomo limene sanafikepo. Ambiri amalikana, nayenda mtunda m'matope a dzinja kukapeza khomo lenileni limene maere analoza, ngakhale lapafupi likadawapulumutsa ku mvula.

Chotero, monga ndionera ine, mwini kafukufuku amene akufuna manambala oona ayenera kulipira bwino amene amawatola, ndi kumtumanso kumidzi yomweyo, makamaka yomanidwa ija, kuti akaime pabwalo la amfumu nanene m'Chichewa ndi m'Chilomwe chimene mayankho awo anabala. Mwini kafukufuku ali ndi mangawa amenewo kwa anthu amene anapereka nthawi yawo ndi zinsinsi zawo, ndipo wofunsa amene wawabweza adzalandiridwa bwino ulendo wotsatira.