Oregano wa masamba okhuthala: amakometsa ndiwo, amafewetsa chifuwa

Alimi anzanga, sabata ino tichoke kaye kumunda wa chimanga ndi fodya, tibwere kuseri kwa khitchini. Ndikufuna tikambirane za kachitsamba kena kamene ambiri timangokadutsa pa makomo a anzathu. Ena amakadzala m'zitini pakhonde ngati duwa, osadziwa kuti m'maiko ena kachitsamba komweka n'kofunika pophika ndiwo komanso pothandiza munthu wodwala chimfine.

Masamba ake ndi okhuthala, amadzimadzi, a ubweya wofewa, ndipo m'mphepete mwake ndi a manomano. Kukula kwa tsamba limodzi ndi masentimita 5 mpaka 7. Mukathyola tsamba n'kulifikisa ndi zala, fungo lake limatsalira m'manja kwa nthawi ndithu. Ogulitsa mbande za maluwa amachitchula ndi maina a Chingerezi monga Cuban oregano, Indian borage kapena Mexican mint. Ine pano ndizingoti oregano wa masamba okhuthala.

Kwawo n'kuti?

Maina ndatchulawa akhoza kukusokonezani, mwina n'kumaganiza kuti mbewuyi inachokera ku Cuba kapena ku Mexico. Akatswiri a zomera amati imamera yokha m'tchire kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuyambira ku Kenya ndi Tanzania, kudutsa Mozambique mpaka ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa. Imakonda malo a miyala. Imapezekanso ku Arabia ndi ku India, ndipo apaulendo a panyanja ndiwo anaifalitsa m'maiko ena otentha.

Dzina lake la sayansi ndi Coleus amboinicus. Analemba dzinali m'chaka cha 1790 ndi wansembe wina wa Chipwitikizi, João de Loureiro, potengera chilumba cha Ambon ku Indonesia. M'chaka cha 1825 dzinali linasinthidwa kukhala Plectranthus amboinicus, ndipo mabuku ambiri a zaulimi ali ndi dzina limeneli. M'chaka cha 2019 akatswiri anabwereranso ku dzina loyamba lija. Choncho mukaona maina awiriwa musadabwe, mbewu yake ndi imodzi.

Oregano weniweni, wa timasamba ting'onoting'ono amene amagulitsidwa wouma m'mabotolo, ndi mbewu ina yochokera ku maiko a m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Fungo n'lofanana chifukwa m'masamba a mbewu ziwirizi muli mafuta ofanana, otchedwa carvacrol ndi thymol. Kwathu kuno abale ake alipo. Buye, amene amalimidwa m'madera ena okwera a chigawo chapakati, ndi m'bale wake weniweni. Mpungabwe uja timathamangitsira udzudzu ndi wa banja lomweli. Chizindikiro cha banjali n'chakuti nsonga zanthete za thunthu zimakhala ndi ngodya zinayi, ndipo masamba amaphuka awiriawiri moyang'anana.

Kadzalidwe kake

Mbewu iyi siifuna kugula njere, feteleza kapena mankhwala. Pemphani nthambi imodzi kwa mnzanu amene ali nayo. Dulani nsonga yotalika masentimita 10 mpaka 15, chotsani masamba a m'munsi, ndipo muisiye pa mthunzi tsiku limodzi kuti podulapo paume. Mukatero izikeni m'dothi lachinyezi. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu imakhala itagwira. Ena amayamba aiviika mu botolo la madzi mpaka mizu itatuluka, kenaka n'kuwokera. Njira zonse ziwiri n'zabwino.

Dothi lake likhale losasunga madzi. Sakanizani dothi la pamwamba, mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Ngati mukudzala m'chitini, m'ndowa yotha kapena mu mphika wong'aluka, boolani pansi kuti madzi azituluka. Ngati mukudzala pansi, ungani kamzere kokwera ndipo mapando atalikirane pafupifupi theka la mita, pakuti chitsambachi chimayanga.

Mdani wake wamkulu ndi madzi ochuluka. Mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale ikamagwa mosalekeza, tsinde limaola ngati lili pa malo a lowe. N'chifukwa chake ine sindilangiza kudzala m'dimba la kudambo. M'chilimwe thirirani pokhapokha dothi likauma. Poti masamba ake amasunga madzi, chimapirira ngakhale dzuwa la mu Okutobala, ngakhale kuti chimakondwa kwambiri pamene pamafika dzuwa la m'mawa ndi kamthunzi masana. Alimi a kumalo ozizira monga Dedza ndi Ntcheu asamale mu Juni ndi Julayi, chifukwa chisanu chimawaula masamba. Nyengo imeneyo ikani chitini chija pakhonde.

Muzitsina nsonga pafupipafupi kuti chichite nthambi zambiri. Mukachilekerera chimatalika mpaka mita imodzi, n'kumagwa chokha chifukwa nthambi zake n'zosalimba. Nthawi zina pamabwera tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa pa chinangwa. Dulani nthambi zogwidwazo n'kuzitentha, zotsalazo mutsuke ndi madzi a sopo. Musapopere mankhwala a thonje kapena a fodya pa masamba amene mudzadye.

Kukhitchini

Ntchito yake yaikulu ndi kupha fungo la nyama ndi nsomba. Amayi mukudziwa mmene nyama ya tonde imanunkhira. Duladulani masamba awiri, sinjani pamodzi ndi adyo, mchere ndi madzi a mandimu, pakani nyamayo ndipo muisiye kwa ola limodzi musanaphike kapena kuotcha. Zam'kati za mbuzi, nyama ya bakha ndi mlamba wowamba nazo zimakoma mukaponyamo tsamba limodzi pamene mukukazinga anyezi ndi matimati.

Mu nyemba, nandolo kapena khobwe, ikani tsamba limodzi loduladula ndiwo zikatsala pang'ono kupsa. Anthu a ku Cuba amathira masamba amenewa mu nyemba zawo zakuda. Ku Trinidad amawasinja pamodzi ndi adyo, tsabola ndi masamba ena onunkhira n'kupanga zokometsera zobiriwira zopaka nyama. Ku Vietnam amawathira mu msuzi wowawasa wa nsomba.

Kumwera kwa India amadya tsamba lenilenilo. Amakandira ufa wa tchana ndi madzi, mchere ndi tsabola, n'kuviikamo tsamba lathunthu, kenaka n'kukazinga m'mafuta monga timachitira zitumbuwa. Amayi amene mumagulitsa mandasi ndi zibhwente pa msika mukhoza kuyesa njira imeneyi ndi ufa wa tirigu. Tsamba likapsa ukali wake umachepa.

Chenjezo langa n'lakuti musachulutse. Tsamba limodzi kapena awiri akwanira mphika wa banja lonse. Mukaika ambiri, ndiwo zimawawa ndipo ana azikana. Komanso masamba ake savomera kufutsa ngati nkhwani kapena chitambe. Amachedwa kuuma ndipo amachita nkhungu. Ubwino wake ndi woti chitsambachi chimakhala chobiriwira chaka chonse, choncho muzingothyola pamene mphika uli pamoto.

Ngati mankhwala apakhomo

Pafupifupi kulikonse kumene mbewuyi inafika, anthu anaipezera ntchito imodzi: chifuwa, chimfine ndi zilonda za pakhosi. A Tamil a ku India amaitcha karpooravalli, a ku Kerala amati panikoorka, ndipo imapezeka pa makomo ambiri chifukwa cha ntchito imeneyi. Ku Philippines amangoti oregano, ndipo amamwa madzi ake akamatsokomola. Kumpoto chakum'mawa kwa Brazil amaphika masamba ndi shuga n'kupanga manyuchi a chifuwa. Ku Sumatra, mtundu wa anthu a Batak umaitcha torbangun, ndipo amayi amene angobereka kumene amadya msuzi wake pofuna kuchulukitsa mkaka wa m'mawere.

Kakonzedwe kosavuta ndi aka. Tengani masamba awiri kapena atatu, tsukani bwino ndi madzi aukhondo, duladulani n'kuika mu kapu. Thirani madzi owira, vundikirani kwa mphindi 10, kenaka sefani. Onjezerani madzi a mandimu ndi uchi pang'ono. Munthu wamkulu akhoza kumwa kapu imodzi m'mawa ndi ina madzulo kwa masiku awiri kapena atatu. Kuvundikirako n'kofunika chifukwa mafuta onunkhira aja amathawa ndi nthunzi.

Ngati mphuno zatsekeka, ikani masamba odzaza dzanja mu beseni la madzi otentha, fundani chitenje n'kumapuma nthunziyo, monga timachitira ndi masamba a bulugamu. Izi n'za akuluakulu okha. Ana aang'ono musawafukize motere chifukwa akhoza kugubuduza beseni n'kupsa. Ena amafikisa tsamba n'kupaka pamene aluma udzudzu kapena nyerere kuti kuyabwa kuchepe. Yambani mwayesa pa malo aang'ono, chifukwa khungu la anthu ena limachita zidzolo ndi ubweya wa masambawa.

Pamene mphamvu yake yathera

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse, abale anga. Ofufuza anapeza kuti mafuta a m'masamba amenewa amapha tizilombo tina toyambitsa matenda akatiyesa m'mbale za ku labotale. Koma kupha tizilombo m'mbale n'kosiyana ndi kuchiza munthu amene matenda alowa m'mapapo. Tiyi wa masambawa amafewetsa pakhosi, amatsegula mphuno, ndipo wodwala amapezako bwino pamene chimfine chikutha chokha. Ntchito yake ndi yomweyo basi. Sachiza chibayo, sachiza chifuwa chachikulu, sachiza malungo.

Vuto la mankhwala apakhomo n'lakuti amatichedwetsa. Timati tione kaye mawa, mawa lake n'kutinso tione kaye, pamene matenda akukula. Chibayo chimapha mwana m'masiku owerengeka. Choncho mwana akamatsokomola, muvuleni malaya ali phee ndipo muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Malangizo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi akuti mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi, ndiye kuti akupuma mothamanga. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 5, malire ake ndi ka 40. Mukaona zimenezi, kapena m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukana kuyamwa, kapena wakomoka, siyani za masamba. Berekani mwana, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa akuluakulu, chifuwa chikafika sabata ziwiri osatha, makamaka ngati mukutuluka thukuta usiku, mukuonda kapena makhololo ali ndi magazi, pitani mukayezetse chifuwa chachikulu. Matendawa amachizika ndi mankhwala a kuchipatala, omwa kwa miyezi 6, ndipo m'zipatala za boma salipiritsa. Amene akuchedwa ndi tiyi wa masamba akupatsira ana ake ndi mkazi wake m'nyumba. Thupi likatentha, kayezetseni malungo musanayambe kuganiza kuti ndi chimfine chabe.

Pali malamulo enanso ochepa oti tisunge. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe china chilichonse kupatula bere. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, chifukwa nthawi zina mumakhala tizilombo timene thupi la khanda silingalimbane nato. Amayi oyembekezera akhoza kudya ndiwo zothira tsamba limodzi, koma asamwe tiyi wake ngati mankhwala asanafunse a zaumoyo. Amene muli pa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, musasiye mankhwala anu chifukwa wina wakuuzani kuti chitsambachi chimachiza zonse. Musadonthezere madzi ake m'maso kapena m'khutu lotuluka mafinya. Dziwaninso kuti masambawa amadwalitsa agalu ndi amphaka akawadya.

Pomaliza pa machenjezo, onetsetsani kuti mbewu mwapatsidwayo ndi yomweyi. Pali maluwa ena a banja lomweli, a masamba ofiira kapena a mawangamawanga, amene ndi okongoletsera pakhomo chabe. Pali enanso a masamba okhuthala koma onunkha moipa. Ngati fungo lake silikupatsani chilakolako cha nyama yootcha, musaike mu mphika. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi muli ndalama?

Sindikunamizani kuti mbewu iyi idzalowa m'malo mwa fodya kapena soya. Phindu lake loyamba ndi la pakhomo: ndiwo zokoma popanda kugula zokometsera za m'mapaketi. Komabe amene muli pafupi ndi msewu waukulu kapena malo ochitira malonda mukhoza kudzala nthambi m'machubu kapena m'mapaketi otha a shuga n'kumagulitsa mbande pamodzi ndi za mapapaya ndi malalanje. Chitsamba chimodzi chokhwima chimapereka nthambi zambiri pa chaka, ndipo simulowetsapo ndalama. Yambani ndi zochepa, muone ngati ogula alipo. Aotcha nyama ndi eni malesitilanti a pa msika apatseni masamba alawe kaye, iwowo ndiwo adzakuuzeni ngati akufuna ena.

Tsono sabata ino yendani m'mudzi kapena kwa ogulitsa mbande, mupeze nthambi imodzi. Chitini chotha, dothi la mchenga ndi malo a pakhonde n'zokwanira. Ikagwira, dulaniko nthambi ina mugawire mnzanu, ndipo pomupatsa mumuuze zonse ziwiri: mmene angaphikire, ndi zizindikiro zoti akaziona asachedwe kupita kuchipatala.