Dzina lachilendo m'kaundula wa kompyuta si mlandu

Makompyuta ambiri amene amatayipa makalata, kusindikiza zithunzi ndi kuika nyimbo m'mafulashi m'misika ngati wa Namitambo anafika ngati zovala za pakaunjika: anavalidwapo kale ndi ena. Tsiku lina mwini wake akatsegula regedit, pulogalamu yoonera kaundula wa kompyuta, amapezamo maina amene sanawamvepo, ndipo chala chimathamangira kukafufuta. Ine ntchito yanga ndi yokonza ndi kuteteza makompyuta, ndipo mfundo yanga ndi yakuti dzina kukhala lachilendo si umboni wa vayirasi. Chofunika kufufuza ndi chimene dzinalo likuchita, ndipo kufufuta kuzibwera pamapeto penipeni.

Chimene timachitcha registry ndi kaundula amene Windows yakhala naye kuyambira 1992, pamene Windows 3.1 inatuluka. Kawirikawiri pulogalamu ikamalowa imalembamo dzina lake, malo amene yakhala ndi mmene izigwirira ntchito, ndipo cholembedwa chilichonse timachitcha kiyi. Kaundulayu ali ngati buku la anyakwawa, momwe mumapezeka maina a anthu amene anasamuka kale ndi akamwini amene anabwerera kwawo banja litatha. Pulogalamu ikachotsedwa, kawirikawiri imasiya kiyi yake m'mbuyo. Pulinta imene inalumikizidwapo imasiya yake, ndipo fulashi iliyonse imene inalowetsedwa imalembedwa pansi pa USBSTOR, moti pakompyuta yoika nyimbo mndandandawo umatalika kwambiri. Ngakhale maina ataliatali aja, osakaniza manambala ndi zilembo 32, ndi njira chabe imene Windows imasiyanitsira zinthu zake. Ambiri mwa alendo amenewa ndi mapazi a anthu amene anadutsa kalekale.

Mukakumana ndi kiyi yokayikitsa, yambani ndi kuona pamene yakhala. Kiyi imene ili pansi pa HKEY_CURRENT_USER\Software, yokhala ndi dzina la kampani ndi timanambala tochepa, payokha siingadzutse kanthu. Nkhani imasintha ikapezeka pa Software\Microsoft\Windows\CurrentVersion\Run, chifukwa cholembedwa pamenepo chimayamba kugwira ntchito nthawi iliyonse munthu akalowa m'kompyuta. Zikatero onani kumene ikuloza. Ikaloza ku Program Files, kufayilo ya kampani yodziwika, mtima ukhoza kukhala m'malo. Ikaloza ku Temp kapena AppData, makamaka ikamatuma wscript.exe kutsegula fayilo yothera ndi .vbs, pamenepo mpofunika kutsegula maso, pakuti umu ndi mmene amakhalira vayirasi uja amabisa mafoda m'fulashi n'kusiya ma shortcut okhaokha. Kenako funsani tsiku: mukasankha Export n'kuisunga ngati fayilo ya .txt, mumaona nthawi imene kiyiyo inasinthidwa komaliza. Tsikulo likakhala la zaka zinayi zapitazo, kompyuta musanaigule, ndi nkhani ina. Likagwirizana ndi tsiku limene mavuto anayamba, mwapeza poyambira.

Palinso chifukwa china chimene dzina lokha silingatiuze zoona. Wolemba vayirasi amadziwa kuti anthu amaopa maina achilendo, choncho amasankha ooneka aulemu ngati Windows Update kapena svchost. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2014 kunapezeka Poweliks, vayirasi amene ankabisala m'kaundula momwemo osasiya fayilo yake pa hard disk. Wosaka maina osadziwika okha angafufute kiyi ya pulinta yake n'kuisiya mbala itakhala pakhonde.

Ena anganene kuti kudzivutitsa chonchi n'kwachabe popeza alipo mapulogalamu otsuka kaundula, amene amatinso amathamangitsa kompyuta. Makiyi otsalira ndi aang'ono kwambiri moti kuwachotsa sikusintha liwiro limene munthu angalione. Kompyuta imachedwa chifukwa cha RAM yochepa, hard disk yotopa, kapena mapulogalamu ambiri odzuka nthawi imodzi. Microsoft yomwe inanena poyera kuti siivomereza mapulogalamu otsuka kaundula. Ndipo mu 2017 akuba analowetsa vayirasi m'kati mwa pulogalamu yotsuka yotchedwa CCleaner 5.33, n'kufikira makompyuta oposa 2 miliyoni a anthu amene ankati akudziteteza. Kumbukiraninso kuti regedit ilibe Recycle Bin: kiyi yofunika ikapita, Windows ikhoza kukana kudzuka, ndiye kuti ulendo wa ku Limbe kukakonzetsa wapezeka, bizinesi itaima.

Ena amati njira yachidule ndi kupanga format basi. Pano ndikuvomereza mbali ina. Kompyuta yogulidwa kwa munthu wina ndi bwino kuiyambitsa mwatsopano isanayambe ntchito, ndipo vayirasi akazika mizu, format ndiye mankhwala odalirika. Koma format siikuuzani khomo limene mbala inalowera. Ngati inadzera pafulashi kapena papulogalamu yokopera imene mudzaikenso mawa, sabata siitha vuto lisanabwerere. Khomo lina ndi Windows yokalamba: Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 nthawi yake inatha mu Okutobala 2025. Kufufuza sikufuna ndalama zambiri. Autoruns, pulogalamu yaulere ya Sysinternals, kampani ya Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell imene Microsoft inagula mu 2006, ndi yaing'ono moti siimaliza bandulo. Imasonkhanitsa zonse zodzuka zokha pamndandanda umodzi, imaonetsa mwini wa chilichonse, ndipo imapaka chikasu makiyi amene fayilo yake kulibenso. Chokayikitsa mumangochotsapo chizindikiro kuti chigone, n'kuona masiku angapo ngati pali chasokonekera. Mukatsimikiza zofufuta, yambani mwasunga kiyiyo ngati fayilo ya .reg kuti muthe kuibwezeretsa.

Ndimalimbikira nkhaniyi chifukwa kompyuta ya pamsika siisunga zinthu za mwini wake yekha. Mumadutsa makalata ofunsira ntchito, masatifiketi a MSCE ndi zitupa za unzika za anthu a m'midzi yozungulira, amene anazipereka mokhulupirira. Kufufuta mwamantha kungawononge zonsezi, ndipo kunyalanyaza kungazipereke kwa akuba. Anyakwawa anzeru akaona dzina lachilendo m'buku amayamba afunsa kuti munthuyo anabwera liti, amagona nyumba iti, ndipo m'mudzimo akuchitamo chiyani. Kiyi yachilendo nayonso tiziifunsa zomwezo tisanaigamule mlandu.